Chiweto sichilankhula, koma chimamva ndipo chimaganiza

Mu April 2024 akatswiri a sayansi ndi a filosofi (maphunziro a kuganiza mozama) pafupifupi 40 anasaina chikalata ku New York chonena kuti pali umboni wamphamvu wakuti nyama zoyamwitsa ndi mbalame zimazindikira zomwe zikuzichitikira, komanso kuti n'zotheka ndithu kuti nsomba, nkhanu ndi njuchi nazo zimamva mwa njira yakeyake. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 2022, nyumba ya malamulo ya ku Britain inali itakhazikitsa kale lamulo lovomereza kuti nyama zimamva, ndipo m'gulumo inaikamo ndi nkhanu zomwe. Kuchokera pamenepo mkangano sunazilale. Ena akuti asayansi angotsimikiza zomwe mwana aliyense woweta mbuzi amadziwa. Ena akuti uku n'kutengeka mtima chabe, pakuti chinthu chosalankhula sungadziwe za mkati mwake, ndipo amene akunena kuti ng'ombe ikuganiza akungoika maganizo ake m'mutu mwa ng'ombeyo. Kwathu kuno ambiri akaimva nkhaniyi amapukusa mutu n'kunena kuti izi ndi za anthu okhuta.

Ine ndili mbali ya chikalatacho, makamaka pa ziweto zomwe timakhala nazo pakhomo. Ndikunena kuti galu, mbuzi, ng'ombe ndi nkhuku zimamva ululu ndi mantha, zimakumbukira, zimayembekezera, ndipo pa zinthu zomwe zili pafupi nazo zimaganiza. Ndikunenanso kuti mfundo yaikulu yotsutsa izi, yakuti popanda chilankhulo palibe maganizo, ndi yolakwika kuyambira pa tsinde. Mfundoyi si yatsopano. Munthu amene anainola bwino koposa onse ndi René Descartes, Mfalansa wobadwa mu 1596, ndipo anthu ambiri amene sanamvepo dzina lake amalankhula zomwe iye analemba. N'chifukwa chake ndikufuna kuti timumvetsere iyeyo poyamba, mosamuchepetsa, kenako tione mmene anamuyankhira anzake a nthawi yake ndiponso ophunzira amene anakhalako zaka mazana angapo iye asanabadwe.

M'buku lake lomwe linatuluka mu 1637 ku Leiden, Descartes anati tiyerekeze kuti mmisiri wina waluso wapanga makina ooneka ngati nyani, okhala ndi ziwalo zonse za nyani. Iye anati makina oterowo sitingawasiyanitse ndi nyani weniweni. Koma mmisiriyo atapanga makina ooneka ngati munthu, tingawagwire mosavuta. Akhoza kutulutsa mawu, mwina n'kukuwa kuti akumva kupweteka ukawakhudza pena pake, koma sangathe kulumikiza mawu mosinthasintha kuti ayankhe mogwirizana ndi chilichonse chomwe chanenedwa pamaso pawo, monga amachitira ngakhale munthu wanzeru zochepa. Kuchoka apo anatembenukira ku nyama. Anati palibe munthu wopepera kapena wodwala misala amene sangathe kuika mawu pamodzi kuti ena amve zomwe akuganiza, ndipo anthu obadwa osamva ndi osalankhula amapeka okha zizindikiro zolankhulirana. Pomwe nyama, ngakhale yochenjera bwanji, sichita zotere. Vuto si lilime kapena kholingo, chifukwa zinkhwe zimatchula mawu bwinobwino, koma sizisonyeza kuti zikuganiza zomwe zikunenazo. M'kalata ya mu 1646 anapereka chitsanzo cha mbalame yophunzitsidwa kupereka moni kwa mwini wake: moniwo, iye anati, ndi chiyembekezo cha chakudya basi, popeza nthawi zonse ikatero amaiponyera kanthu. Motero anagamula kuti si kuti nyama zili ndi nzeru zochepa poyerekeza ndi munthu ayi, zilibiretu.

Chilungamo chikufuna kuti ndinene kuti Descartes sanali wouma mutu monga ena amamujambulira. Polembera Henry More wa ku Cambridge mu 1649 anavomera kuti sangathe kutsimikiza kotheratu kuti nyama siziganiza, chifukwa nzeru za munthu sizilowa mumtima mwa nyama. Ananenanso kuti sakukana kuti zili ndi moyo, kapena kuti ziwalo zake zimalandira zochokera kunja. Amene anapitiriza nkhaniyi mpaka kumapeto ndi omutsatira ake. Wansembe Nicolas Malebranche analemba m'zaka za m'ma 1670 kuti nyama zimadya popanda kukoma, zimalira popanda ululu, sizifuna kanthu, siziopa kanthu, sizidziwa kanthu. Mawu amenewa ndi owawa, koma akungotsatira njira yomwe mphunzitsi wake anailambula.

Yankho langa loyamba ndi lakuti Descartes anatenga chizindikiro chabwino n'kuchigwiritsa ntchito mbali yolakwika. N'zoona kuti munthu akayankha funso lako mwanzeru umadziwa kuti akuganiza. Koma sizitsatira kuti amene sanayankhe sakuganiza. Utsi ukafuka umadziwa kuti pali moto, koma makala a pa mbaula amayaka psuu popanda utsi, ndipo ukawagwira amakuotcha. Tili ndi zitsanzo pakati pathu zomwe palibe angazikane. Khanda la miyezi isanu ndi umodzi silitha kunena liwu ndi limodzi lomwe, koma limasiyanitsa mayi ake ndi mlendo, limadabwa chinthu chikachitika mosiyana ndi mmene lazolowerera, ndipo likabayidwa jakisoni ku sikelo palibe namwino amene amati kulirako n'kopanda ululu. Madokotala amadziwanso kuti odwala ena a sitiroko amataya mphamvu yolumikiza mawu, koma amathabe kuwerengera, kuzindikira abale awo ndi kukonza zochita. Mawu achoka, maganizo atsala. Ngati maganizo angatsale mawu atachoka, ndiye kuti mawuwo sanali maganizo.

Izi ophunzira akale ankazidziwa Descartes asanabadwe. William wa ku Ockham, Mngelezi wa chipani cha a Fransisko amene analemba buku lake lalikulu la kaganizidwe cha m'ma 1323, anasiyanitsa mawu olembedwa, mawu olankhulidwa ndi mawu a mumtima. Potsatira Augustine, mphunzitsi wakale wa mpingo, anati mawu a mumtimawo si a chilankhulo chilichonse, si Chilatini, si Chigiriki. Mawu olankhulidwa amapeza tanthauzo mwa mgwirizano wa anthu, ndipo anthu akhoza kuwasintha, koma ganizo limaloza chinthu mwachibadwa, ndipo limayamba pamene wakumana ndi chinthucho. Kwa Ockham maganizo ndiwo amatsogola, pakamwa pamangotsatira. Iye sanali kulembera kumbuyo nyama, ndipo sindikumukakamiza kunena zomwe sananene. Chomwe ndikutenga kwa iye ndi dongosolo la zinthu: ngati ganizo limabwera chifukwa choona ndi kukhudza, chilankhulo n'kubwera pambuyo, ndiye kuti kusowa kwa chilankhulo sikungakhale umboni wa kusowa kwa ganizo. Ndipo nthawi yathu ino yagwetsa muyeso wa Descartes kuchokera mbali inanso. Kuyambira kumapeto kwa 2022 anthu wamba akhala akucheza ndi mapulogalamu a pa kompyuta omwe amalumikiza mawu ndi kuyankha pafupifupi chilichonse, chinthu chomwe iye anati makina sangachite. Amene akugwirabe muyeso wake ayenera kuvomera kuti pulogalamu ya pa foni ili ndi mzimu pomwe galu wolondera nyumba yake alibe kanthu mkati. Ndi ochepa angavomere zimenezo, ndipo kukana kwawoko kukusonyeza kuti iwo omwe sakhulupirira kuti kulankhula ndiye muyeso.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yamphamvu kuposa yoyamba, ndipo ndi yomwe ndimaimva kawirikawiri. Amati zonse zomwe timaziona ngati nzeru za nyama ndi chibadwa chabe. Descartes anati nyama zikamachita zinthu zina bwino kutiposa, umenewo ndi umboni wakuti sizikuganiza, monga wotchi imauza nthawi molondola kuposa munthu aliyense ngakhale ili ndi mawilo ndi masipuling'i okha. Anati anamzeze akamabwerera nyengo yake amayenda ngati mawotchi. Pali choonadi pamenepa chomwe sindingachibise. Mwanapiye wongoswa kumene amajompha osaphunzitsidwa, ndipo kangaude salowa sukulu yoluka. Ngakhale Thomas Aquinas, wansembe ndi mphunzitsi wamkulu wa Chikatolika amene anamwalira mu 1274, anagwiritsapo ntchito chitsanzo cha wotchi pofotokoza luso la nyama, nati zimayenda motsata dongosolo lomwe Mlengi anaziikira.

Komabe tiyeni tione mmene nkhaniyi anaiyambira Ibn Sina, dokotala ndi katswiri wa filosofi wa Chisilamu amene anabadwira kufupi ndi Bukhara cha m'ma 980, n'kumwalira mu 1037, yemwe ku Ulaya ankamutchula kuti Avicenna. Iye anafunsa funso losavuta: nkhosa ikaona mmbulu imathawiranji? Maso amaona mtundu ndi maonekedwe okha. Udani ulibe mtundu, sununkha, sumveka m'khutu. Komabe nkhosa imauzindikira mwa mmbulu, monganso imazindikira kuti kamwana kake n'koyenera kukasamala. Choncho anati nyama zili ndi mphamvu ina ya mkati, yoposa maso ndi makutu, yomwe imagwira tanthauzo la chinthu, kuti ichi n'choopsa, ichi n'chothandiza. Anaonjeza kuti mphamvuyi siigwira ntchito mwachibadwa pokha. Galu amene anamenyedwapo ndi ndodo amaopa ndodo, chifukwa wasunga chithunzi cha ndodoyo pamodzi ndi ululu wake. Buku lake la za moyo linamasuliridwa m'Chilatini ku Toledo m'zaka za m'ma 1100, ndipo chiphunzitsochi chinalowa m'mayunivesite a ku Paris ndi Oxford. Aquinas anachilandira, nati nkhosa sithawa mmbulu chifukwa chakuti ndi wonyansa m'maso, koma chifukwa ndi mdani wake, ndipo mbalame imatola udzu osati chifukwa ukukongola koma chifukwa ndi wofunika pomanga chisa. Apa ndi pomwe wotchi ya Aquinas imasiyanirana ndi ya Descartes. Kwa Aquinas nyama sisankha mwaufulu monga munthu, koma imaona, imaopa, imakumbukira ndipo imamva kuwawa. Wotchi yeniyeni siiopa ndodo, ndipo ngakhale uimenye kangati, mawa idzayenda chimodzimodzi.

Pali chitsanzo china chakale chomwe chinavutitsa ophunzira kwa zaka zoposa chikwi, chochokera kwa Mgiriki Chrysippus. Galu wosaka akutsatira fungo la nyama, n'kufika pamphambano ya njira zitatu. Wanunkhiza njira yoyamba, palibe. Wanunkhiza yachiwiri, palibe. Yachitatuyo sanunkhizanso, wangoliyatsa liwiro. Kodi sanaganize kuti nyama yadzera iyi, iyi kapena iyo, ndipo popeza si iyi kapena iyi, ndiye kuti ndi iyo? Mu 1615 nkhani ya agalu oganiza inakambidwa pa mtsutso wa pa yunivesite ya Cambridge pamaso pa mfumu James I ya ku England, ndipo mfumuyo, yomwe inali yokonda uzimba, inalowerera mbali ya agalu potchula zomwe inaona kwa galu wake. Ine sindikunena kuti galu amanena ziganizo zitatu m'mutu mwake. Ndikunena kuti amachotsa njira zomwe zalephera n'kutsala ndi imodzi, ndipo ntchito imeneyi, ikachitika mwa munthu, timaitchula kuti kuganiza popanda kuzengereza.

Umboni womwe umandigwira mtima kwambiri uli kufupi ndi kwathu. Ku nkhalango ya Niassa, kumpoto kwa Mozambique, Ayao ofula uchi amayenda ndi mbalame ya nsadzu yomwe imawatsogolera ku mphako za njuchi. Munthu amatsegula mphako ndi nkhwangwa ndi utsi, n'kutenga uchi, mbalame n'kudya phula lotsala. Ofula uchiwo ali ndi kaitanidwe kawo, kunjenjemeretsa milomo kenako kagulumo kakafupi, komwe amaphunzira kwa makolo awo. Kafukufuku yemwe Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa mu 2016 anapeza kuti kaitanidweka kamakweza mwayi wakuti mbalame ikutsogolere kuchoka pa 33 kufika pa 66 pa 100 alionse, poyerekeza ndi phokoso lina la munthu kapena la nyama. Kafukufuku wotsatira, wa mu 2023, anaonetsa kuti ku Tanzania, komwe Ahadza amaitana ndi likhweru, mbalamezi zimayankha kwambiri likhweru lakwawolo kuposa kaitanidwe ka Ayao. Palibe amene amaziweta kapena kuziphunzitsa mbalamezi. Kaitanidwe ndi ka mgwirizano wa anthu, kamasiyana malo ndi malo, ndiye sikangakhale kolembedwa m'magazi a mbalame. Mbalame imaphunzira kuti phokoso ili, kuno, likutanthauza munthu wofuna njuchi, ndipo imamudikira pa nthambi akatsalira. Kunena kuti imeneyi ndi wotchi n'kukana kuona.

Otsutsa akhoza kunena kuti kumeneku n'kuzolowera chabe, kulumikiza phokoso ndi chakudya, osati kuganiza kwenikweni. Gottfried Leibniz, katswiri wa filosofi wa ku Germany, anayankha kale mu 1714. Anavomera kuti nyama zimayendera chikumbumtima, monga galu amene amathawa akaona ndodo, ndipo anati zimenezi zimangofanana ndi kulingalira. Koma anapitiriza kunena kuti anthufe, pa magawo atatu mwa anayi a zochita zathu, timachita chimodzimodzi. Timayembekeza kuti mawa kucha chifukwa kwakhala kukucha, ndipo ndi katswiri wa zakuthambo yekha amene amadziwa chifukwa chake. Mlimi amene amaona mitambo yakuda kuphiri n'kuyamba kuanula ufa sakuwerenga malamulo a nyengo, akuyendera zomwe wakhala akuona. Ngati zimenezi sitikuzitcha maganizo, ndiye kuti tafafaniza gawo lalikulu la moyo wa munthu. Ngati tikuzitcha maganizo, tilibe chifukwa chomanira galu ndi nsadzu.

Pano ndiyenera kuika malire, chifukwa pali ena a mbali yanga omwe amapyola muyeso. Michel de Montaigne, wolemba wa ku France amene Descartes ankamuyankha, analemba kuti akamasewera ndi mphaka wake, ndani akudziwa ngati si mphakayo amene akusewera naye? Anafunsanso chifukwa chomwe timaikira vuto pa nyama tikalephera kumvana nazo, pomwe ifenso sitizimva, monga sitimva anthu a zilankhulo zakutali. Mafunsowa ndi abwino, koma Montaigne anafika ponena ngati kuti pakati pa munthu ndi nyama palibe mpata weniweni, ndipo pamenepo sindimutsatira. Mngelezi John Locke ndiye anaponda pabwino mu 1690. Anati nyama sizitha kuchotsa ganizo pa chinthu chimodzi n'kulisandutsa la zinthu zonse, monga timachitira tikamakamba za chilungamo kapena za nambala, koma ngati zili ndi zithunzi m'mutu, ndipo si makina chabe, sitingakane kuti zimalingalira pa zinthu zomwe zakumana nazo. Mbuzi sidziwa kuti imfa imagwera zamoyo zonse. Koma imadziwa chingwe, imadziwa munthu amene anaimenya dzulo, ndipo imanjenjemera inzake ikamalira kuseri kwa mpanda. Chilankhulo chimatipatsa anthufe malamulo, mbiri, malonjezo ndi masamu. Sichitipatsa ululu, chifukwa ululu tinali nawo tisanaphunzire kunena kuti amama.

Mfundo yachitatu ndi ya chikhulupiriro, ndipo ndimailemekeza chifukwa imachokera kwa anthu oopa Mulungu. Amati munthu yekha ndiye analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo kupatsa nyama maganizo n'kuzipatsa mzimu wosafa. Descartes naye ankaopa zomwezi. Anati nyama zikanakhala kuti zimaganiza ngati ife, zikanakhala ndi mzimu wosafa, ndipo popeza palibe chifukwa chovomerera zina n'kukanira zina, tikanayenera kuvomera ngakhale nkhono za m'nyanja. Malebranche anaonjeza kuti Mulungu wolungama sangalole cholengedwa chosachimwa kuzunzika, choncho nyama sizizunzika. Koma vutoli analipanga okha pamene anagawa chilengedwe chonse pawiri, mbali ina mzimu woganiza, mbali ina thupi lopanda kanthu mkati, osasiya malo pakati. Aquinas, amene palibe angamukayikire pa chikhulupiriro, sanakumane nalo vutoli. Potsatira Mgiriki wakale Aristotle, anaphunzitsa kuti zomera zili ndi moyo wokula, nyama zili ndi moyo womva, ndipo munthu ali ndi moyo wolingalira womwe sufa ndi thupi. Nyama imamva, ikafa zake zatha, ndipo ulemu wa munthu sunachepe. Pa mfundo ya Malebranche, ndikuona kuti n'kulakwa kwakukulu kukana zomwe maso akuona pofuna kuti chiphunzitso chathu chiyende bwino. Ndipo buku la Miyambo, mutu 12 ndime 10, limati wolungama amasamalira moyo wa chiweto chake, mawu omwe sangakhale ndi tanthauzo ngati chiweto ndi wotchi.

Pa kugawa pawiri kumeneku, munthu wa ku Africa kuno anamutsutsa Descartes m'nyumba mwake momwe. Anton Wilhelm Amo, wobadwira kufupi ndi Axim m'dziko lomwe lero ndi Ghana, anatengedwa kupita ku Germany ali mwana, ndipo mu 1734 anateteza nkhani yake ya udokotala pa yunivesite ya Wittenberg, kenako anaphunzitsa ku Halle ndi ku Jena. Descartes ankati kumva ndi ntchito ya mzimu. Amo anati ayi, mzimu sungakhudzidwe ndi kanthu, ndipo kumva ndi kwa thupi lamoyo. Nkhani yake inali ya munthu, koma ine ndikuona kuti khomo lomwe anatsegula ndi lalikulu. Ngati kumva kumakhala m'thupi lamoyo, lokhala ndi magazi ndi mitsempha, ndiye kuti funso la mzimu wosafa ndi funso la ululu ndi mafunso awiri osiyana. Voltaire, wolemba wa ku France, anafunsa mosapita m'mbali mu 1764, polankhula kwa amene ankakhomera agalu amoyo pathebulo n'kuwang'amba kuti aphunzire za thupi: mwapeza mwa galuyo ziwalo zonse zomvera zomwe zili mwa inu, kodi chilengedwe chinaziikamo kuti asamve? Za nkhono ndi tizilombo, ndikuvomera kuti malire ndi ovuta kuwaloza, ndipo chikalata cha ku New York nacho chikungoti n'zotheka. Koma kukayika za ngumbi sikupereka chilolezo chokayikira za ng'ombe, yomwe ubongo wake, mitsempha yake ndi kulira kwake n'zofanana kwambiri ndi zathu, ndipo dokotala wa ziweto amaipatsa mankhwala oletsa ululu n'kuona ikukhazikika.

Yatsala mfundo ya kwathu, yakuti izi ndi za anthu okhuta, kuti m'dziko momwe ana akugona ndi njala sitingataye nthawi pa mantha a nkhuku, ndipo kuti mapeto a nkhaniyi n'kutiletsa ndiwo. Ndikumvetsa mkwiyo umenewu. N'zowawa kumva za agalu ogona pa matiresi pomwe anthu akugona pamphasa yong'ambika. Koma tiyeni tione yemwe chiphunzitso cha Descartes chinabwera kudzathandiza. M'kalata ija ya kwa More iye anaulula yekha kuti maganizo ake si ankhanza kwenikweni kwa nyama koma ndi okomera anthu, chifukwa amawachotsera mlandu akamadya ndi kupha nyama. Mawuwa ndi ofunika kuwasunga. Chiphunzitso chomwe chimatipepukitsa mtima pa zomwe tikuchita kale tiyenera kuchikayikira kawiri. Komanso si zoona kuti kudziwa za mumtima mwa chiweto ndi nzeru yobwera. Amene amakhala ndi ziweto ndiwo amazidziwa bwino. Mnyamata woyendetsa ngolo amadziwa ng'ombe yamphwayi ndi yaukali, amaziitana maina, ndipo iliyonse imadziwa mbali yake ya goli. Mayi wapamudzi amasiyanitsa kulira kwa thadzi poitanira anapiye chakudya ndi kulira kwake kabawi akamazungulira, ndipo anapiyewo amasiyanitsanso, ulendo wina kuthamangira kwa make, ulendo wina kubisala pansi pa nkhokwe. Amene anakana zonsezi ndi anthu a m'mabuku.

Sindikunena kuti tisiye kudya nyama. Aquinas, Locke ndi Ibn Sina onse ankavomera kuti nyama zimamva, ndipo palibe mwa iwo anaphunzitsa kuti kudya nyama ndi tchimo. Chomwe chikusintha ndi ululu wopanda chifukwa, womwe timauona tsiku lililonse la msika. Nkhuku zomangidwa miyendo, zolendewera chamutu pa handulo ya njinga kuchokera m'mawa mpaka masana, milomo ili yasa chifukwa cha ludzu. Mbuzi yomangidwa pa kaliyala, chingwe chitalowa m'mnofu, mutu ukugunda sipoko pa bampu iliyonse. Ng'ombe yokoka ngolo ya njerwa ili ndi bala lofiira pakhosi pomwe pamakhala goli, ntchentche zili ng'waa, mkwapulo n'kumagweranso pomwepo. Aquinas ankati tipewe nkhanza kwa nyama kuopa kuti tingazolowere kuchitira nkhanza anthu. N'zoona, koma chifukwa chimenechi n'chosakwanira, popeza chikuiwala mwini ululu. Ng'ombeyo ikumva kuwawa kaya woikwapulayo adzakhala munthu wabwino kapena woipa.

Ndipo pafupifupi zonse zomwe zikufunika pano sizilira ndalama zambiri, choncho umphawi sungakhale chodzikanira. Dengu kapena chitete chonyamulira nkhuku amaluka ndi nsungwi za kudambo. Chigubu chodulidwa pakati chimasunga madzi pamsika. Goli losalazidwa bwino ndi kansalu pakhosi zimateteza bala, ndipo ng'ombe yopumitsidwa masiku angapo kuti chilonda chipole imakoka bwino kuposa yokakamizidwa. Mpeni wakuthwa, ndi kupha chiweto pomwe zinzake sizikuona, ndi zomwe Asilamu amaphunzitsidwa kale pa kazingidwe koyenera. Alangizi a ziweto, makomiti a m'misika ndi aphunzitsi a zaulimi ku pulayimale akhoza kuziphunzitsa izi limodzi ndi katemera wa chitopa ndi kamangidwe ka khola, popanda kudikira lamulo latsopano kapena thandizo lochokera kunja.